Bodza lolembedwa pakatoni ya sipika

Mphwanga amalowa panyanja dzuwa likamamira, n'kubwerako mbandakucha. Ndi mlovi, mmodzi mwa anyamata okoka chilimira kuno ku Mwaya, ndipo ndalama yake ndi ya usipa: lero ilipo, mwera ukakalipa sabata yathunthu palibe kanthu. Mnyamatayu adadzimana miyezi iwiri kuti agule sipika ya Bluetooth. Ine sindimuona kulakwa. Amene adakhalapo pamchenga tsiku lonse akusoka ukonde amadziwa mmene nyimbo ndi mpira wa pawailesi zimapeputsira ntchito. Ankafuna zinthu ziwiri basi: ikhale yamawu amphamvu oti azipambana mkokomo wa mafunde, ndiponso yolimba yosaopa mchenga ndi madzi.

Adakwera minibasi mumsewu wa M5 mpaka paboma pa Nkhata Bay, nabwerako madzulo nkhope ili mwee, katoni ili m'khwapa. Pakatonipo padalembedwa JBL, pansi pake 5000W, batire ya maola 24, kenaka chithunzi cha sipika itamira m'madzi koma ikuimbabe. Padangotha masabata atatu, sipika ija idayamba kuzima isanathe ndi theka la ola. Tsiku lina funde lidaithira timadzi m'bwato, mawu adathera pomwepo.

Ndidamuperekeza pokabweza. Mwini sitoloyo sadafune n'kuigwira komwe. Adangoti, "Bambo, mwana wanuyu katunduyu adamuyesa yekha pompano. Chogulidwa sichibwezedwa." Adaloza chikwangwani cholembedwa zomwezo pakhoma, natembenukira kasitomala wina. Mphwanga adangoti, "Malume, tiyeni tizipita." Mawu ake ndi amene adandiwawa kuposa ndalamazo. Adayankhula ngati wolakwa ndi iye.

Kumeneku ndi kuba. Wothyola nyumba usiku timamukuwira mudzi wonse, koma wolanda thukuta la mlovi masanasana, pogwiritsa katoni yonyezimira, timamutcha wabizinesi n'kumamupatsa moni wa ulemu.

Taonani kukula kwa bodzalo. Ketulo yamagetsi yowiritsa madzi imadya mawati pafupifupi 2,000. Ndiye kanthu kokwana m'dzanja limodzi kangatulutse 5,000? Titapita nayo kwa mnyamata wokonza mafoni, adaitsegula tikuona. M'katimo mudali kabatire kamodzi ka mtundu wa 18650, ka mavoti 3.7, ndi kachitsulo komatidwa ndi guluu pansi, kopanda waya uliwonse, kongofuna kuti chinthucho chizilemera m'manja wogula aziti ndi cholimba. Batire yotereyi, ingakhale yabwino chotani, sipitirira kwenikweni 3,500 mAh. Ikadati itulutsedi mawati 5,000 ikadauma masekondi khumi asanakwane. Opanga zinthu oona mtima amalemba mphamvu ya RMS, imene sipika imatha kutulutsa mosalekeza, ndipo kwa sipika yam'manja kawirikawiri imakhala mawati 5, 10, 20 kapena 30. Manambala a zikwizikwi aja, amene nthawi zambiri amatsagana ndi zilembo za PMPO, ndi nyambo chabe. Ife a kunyanja nyambo timaidziwa ntchito yake.

Za madzi nazonso zili ndi muyeso wake wodziwika dziko lonse. Sipika yolembedwa IP67 imayenera kukana fumbi ndi kupirira mphindi 30 m'madzi akuya mita imodzi. Ya mphwanga idalibe ngakhale kampira kotseka potchajira. Munthu amene amagulitsa chinthu chotere kwa msodzi, akudziwa bwino lomwe kuti chikupita m'bwato, n'kumuuza kuti "iyi ndi ya m'madzi", mtima wake ndi wotani?

Ndikudziwa zimene ogulitsa amayankha. Amati nawonso amapikula choncho, katundu akuchokera kutali, ndalama zakunja zikusowa, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 sipika yeniyeni ya JBL kapena Sony munthu wamba sangaikwanitse. Zonsezi n'zoona, ndipo palibe akukuletsani kugulitsa zotchipa. Wosauka nayenso ayenera kumva nyimbo. Koma chotchipacho chitchuleni dzina lake. Nenani kuti, "Achimwene, iyi si orijino, batire yake ndi ya maola awiri, musayandikize kumadzi." Munthu asankhe akudziwa. Kuvuta kwa chuma sikukakamiza pakamwa pa munthu kunama. Komanso mavuto omwewo akumuluma kwambiri wogulayo, amene mtengo wa mafuta a injini ndi ufa wamukwerera, pomwe usipa sukuchuluka m'nyanja.

Chikwangwani chija nachonso n'chosemphana ndi malamulo. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula, Consumer Protection Act, kuyambira 2003. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission lakhala likuchenjeza amalonda kuti kukana kulandira katundu wowonongeka pobisala kuseli kwa mawu oti chogulidwa sichibwezedwa ndi mlandu, ndipo lamulo latsopano la 2024 lidalipatsa mphamvu yolipiritsa chindapusa. Malawi Bureau of Standards ilipo chiyambire 1972 kuti iziona ubwino wa katundu. Koma mlovi wa ku Mwaya malamulowa adawamvera kuti? Lilongwe ndi Blantyre n'kutali, ndipo wogulitsa amadziwa kuti mnyamata wopanda lisiti, amene thiransipoti yobwerera paboma ikumudyera ndowa ya usipa, sabweranso kachiwiri. Bodzali limanenepa chifukwa cha umphawi ndi manyazi a wobedwayo.

Ndipo sipika ikafa imapita kuti? Yendani m'mphepete mwa nyanja muone timapulasitiki tosweka ndi mabatire otupa ali mumchenga momwe ana amasewera, pafupi ndi thandala loyanikapo usipa. Batire ya lithium ikaboowoka imatha kuyaka moto. Wogulitsa adatenga phindu, zinyalala adatisiyira ife ndi nyanja imene timamwa.

Achinyamata, musamachite manyazi pogula. Funsani lisiti yolembedwa dzina la katunduyo ndi tsiku, ndipo wokana kulemba lisiti musiyireni katundu wake. Ikwezeni sipikayo mpaka pamapeto muli pomwepo, mumve ngati mawu akusweka. Yang'anani ngati potchajira pali chotsekera. Mukaona dzina lotchuka pamtengo wa nkhuku ziwiri, dziwani kuti ndi feki.

Inu a khonsolo ya Nkhata Bay, amene mumatolera misonkho ndi kupereka malaisensi m'masitolo amenewa, zikwangwani zija mumaziona. Itanani a Competition and Fair Trading Commission adzayende pamsika uno, azichotse, ndipo afotokozere anthu m'Chitonga ndi m'Chichewa komwe angakadandaule. Inunso bambo amene mudatiloza khoma tsiku lija, sipika ija tidakasunga. Mubwezereni mwanayu ndalama zake.