Tisagule Kompyuta ya Cionetsero

Nyengo yokolola ikatha, makomiti a m'maparishi ndi a makopaletivu amayamba kukamba za zogula. Kuno ku Nabvutika ndi m'nthambi zozungulira Chipata, nkhani imene ikumveka kawirikawiri ndi ya kompyuta. Mlembi watopa kulemba maina a alimi ndi dzanja. Mkhristu wofuna cikalata ca ubatizo kuti amange ukwati amadikira masiku pamene ife tikufufuza m'mabuku akale. Kompyuta ikufunikadi. Koma ndalama zake ndi za mtulo, za nshawa ndi cimanga cimene amai amasiye anagulitsa, motero tiyenera kuzigwiritsa nchito mosamala.

Timalakwa poyamba ndi funso lakuti, "Yabwino koposa ndi iti?" Wogulitsa adzatilozera yaikulu, yodula, ya tinyali tothwanima, imene anapangira anyamata ocita masewera. Funso loyamba likhale lakuti, "Idzagwira nchito yanji?" Nchito zathu n'zodziwika: kulemba makalata, kusunga maina a akhristu ndi a alimi olandira feteleza wa FISP, kuwerengera ndalama, ndi kusindikiza zolengeza za pa Sondo. Pa nchito izi kakompyuta kakang'ono ka pa tebulo n'kokwanira.

Tikunena tija tofanana ndi buku la Misa kukula kwake, monga Dell OptiPlex Micro, HP ProDesk Mini ndi Lenovo ThinkCentre Tiny. Tambiri timafika kuno titagwirapo kale nchito m'maofesi a maiko akunja, n'cifukwa cake mtengo wake umatsika.

Ubwino wake waukulu ndi wa malaiti. Tonse tikukumbukira caka ca 2024, pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza mu February kuti cilala ndi ngozi ya dziko lonse. Madzi anacepa ku Kariba, ndipo malaiti anali kuzima maola ambiri tsiku ndi tsiku. Tikompyuta tambiri totere timayendera caja ya mawati 65, ndipo polemba kalata timadya ocepera pamenepo. Sola ndi batire zokhala ndi invata zingathe kuyendetsa kameneka pamodzi ndi sikirini yake. Cikompyuta cacikulu cimatha batire msanga.

Koma safunsa anadya phula. Tisanapereke ndalama tifunse zinthu zitatu. Coyamba, kodi ili ndi Windows 11? Kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo ngati purosesa ndi ya Intel, Windows 11 imafuna ya m'badwo wa 8 kapena wotsatira. Onani nambala: i5-8500T iyamba ndi 8, ndiye kuti ili bwino, koma i5-6500T ndi yakale ngakhale ioneke yatsopano kunja. Caciwiri, RAM isacepere 8GB, apo ayi mudzakhala mukudikira kuti kalata itseguke. Cacitatu, mosungira zinthu mukhale SSD ya 256GB kapena kuposa. SSD imafulumira, ndipo ilibe mbale yozungulira imene imaonongeka ikagwedezeka pa njinga kapena pa minibasi.

Ena akuti bwanji osagula laputopu, popeza ili ndi batire yakeyake? Mfundo yao ndi yomveka, ndipo wa kopaletivu amene amayenda m'midzi angaifune. Koma ife amene takhalitsa m'makomiti tikudziwa kuti laputopu ili ndi miyendo. Lero ili kwa mlembi, mawa ili ndi mwana wake ku koleji, ndipo maina a akhristu apita nayo. Sikirini yake ikasweka, nchito yonse yaima. Kakompyuta ka pa tebulo kamakhala mu ofesi, ndipo kiyibodi kapena sikirini ikafa timangosintha cokhaco. Kucepa kwake kungakopenso mbala, motero tizikatsekera m'kabati madzulo.

Powerengera ndalama tisaiwale kuti kabokosiko pakokha sikagwira nchito. Pafunika sikirini, kiyibodi, mausi, purinta ndi inki yake, cotetezera malaiti akabwera ndi mphamvu yopitirira, ndi mafulashi awiri. Ndi bwino kugula kompyuta yotsikirako mtengo n'kukwaniritsa zonsezi, kusiyana ndi kuthera ndalama zonse pa imodzi yodula imene idzapsa mphezi zikayamba mu November. Pulogalamu yolembera ya LibreOffice ndi yaulere, sitifunika kugula yakuba.

Pokagula, kaya ndi muno mu Chipata kapena ku Lusaka, apite anthu awiri pamodzi ndi wacinyamata wodziwa za makinawa. Aiyatse m'sitolo momwemo, aone okha zimene wogulitsa wanena, ndipo risiti ilembedwe nambala ya kompyutayo ndi miyezi imene angaibweze ikavuta. Risitiyo iwerengedwe pamaso pa anthu amene anasonkha.

Ikafika, aphunzire anthu awiri kapena atatu, kuti wina akasamuka nchito isafe. Mwezi uliwonse zolembedwa zikopedwe pa fulashi yosungidwa ku nyumba ina, ndipo nyengo ya fumbi tiziifunditsa nsalu tikaizimitsa. Mabuku a ubatizo ndi a maukwati tipitirize kuwalemba ndi dzanja monga lamulo la Mpingo linenera. Kompyuta idzangotithandiza kupeza dzina msanga, kuti wobwera kucokera kutali abwerere ndi cikalata cake tsiku lomwelo.