Kompyuta ya Masewero kwa Munthu wa Thumba Losaya: Kusankha Purosesa

Mnyamata kapena mtsikana amene wangomaliza Folomu 4 ku Makanjira ali ndi njira zowerengeka zopezera ndalama. Ena amatsikira kunyanja kukakoka chilimira, ena amakwera basi ya ku Joni kutsata abale awo, ndipo ena, makamaka amene adalawako phunziro la kompyuta kusukulu, amalakalaka atakhala ndi makina awoawo. Chilakolako chimenechi nchabwino ndithu. Kompyuta imodzi ikhoza kulemba makalata ndi mayeso m'mawa, kuika nyimbo m'mafoni masana, madzulo nkusanduka bwalo la mpira pomwe anyamata awiri amalipira kuti apikisane. Koma ndalama zogulira makina otere zimabwera kamodzi kokha. Mwina zatumizidwa ndi mchimwene wa ku Johannesburg, mwina nza usipa wa chaka chathunthu, mwinanso ndi ngongole imene mphunzitsi adzakhala akubweza kwa miyezi yambiri. Wolakwitsa pogula alibe pobwerera.

Tsono mfundo ya nkhani ino ndi yakuti munthu wotere achita bwino kugula purosesa imene ili ndi mbali yojambula zithunzi m'kati mwake, ndi kuyamba waiwala za khadi lapadera la zithunzi kufikira tsiku limene thumba lidzalole.

Kompyuta ikamayendetsa masewero imagwira ntchito ziwiri. Yoyamba ndi yowerengera: mpira wagwera pati, wosewera athamangira kuti, chigoli chalowa kapena ayi. Imeneyi ndi ntchito ya purosesa. Yachiwiri ndi yojambula zonsezo pa sikirini, kambirimbiri pa sekondi iliyonse, kuti diso lione ngati zinthu zikuyendadi. Zithunzi zikachepera 30 pa sekondi, masewero amatsimphina ndipo wosewera amagwa ulesi. Pa makompyuta a anthu olemera ntchito yachiwiriyi imapatsidwa kwa khadi lapadera, lokhala ndi RAM yakeyake ndi zouluzira mphepo zake, ndipo kawirikawiri khadilo ndilo chipangizo chodula koposa zonse m'bokosimo. Koma kuyambira chaka cha 2011 makampani a Intel ndi AMD adayamba kuika ntchito ziwirizi pa kachipangizo kamodzi. Anthu ena amainyoza njira imeneyi kuti nja amphawi, osadziwa kuti PlayStation 4 ya 2013, PlayStation 5 ya 2020 ndi Steam Deck ya 2022 zonse zimayendera kachipangizo kamodzi ka AMD kogwira ntchito zonse ziwiri, ngakhale kuti ka m'makina amenewo kadapangidwa mwapadera.

Wogula ayenera kudziwa kuti dzina la purosesa limaulula zimene zili m'kati. Kwa AMD, chilembo cha G kumapeto kwa nambala ndicho chizindikiro cha purosesa yokhala ndi mbali yamphamvu yojambula zithunzi. Ryzen 5 5600G ili nayo, pamene Ryzen 5 5600, 5500 ndi 3600 zilibiretu. Kwa Intel, chilembo cha F chimatanthauza kuti mbaliyo palibe, kotero Core i5-12400F singaonetse kanthu pa sikirini popanda khadi. Kusiyana kwake nkwa chilembo chimodzi basi, koma munthu akhoza kunyamula bokosi kuchokera ku Limbe mpaka ku Makanjira, nkulilumikiza bwinobwino, sikirini nkungokhala bii. Safunsa adadya phula. Komanso mapurosesa a Intel a makompyuta a patebulo, ngakhale amene ali ndi mbali ya zithunzi yotchedwa UHD 630 kapena UHD 730, amakwanira pa ntchito za muofesi ndi kuonera makanema, koma pa masewero amatsalira kumbuyo kwa a AMD okhala ndi G.

Mwa mapurosesa a G amenewa, imene ikuyenera munthu wa ku Makanjira ndi Ryzen 5 5600G, imene idafika m'masitolo mu 2021. Ili ndi mitima isanu ndi umodzi yowerengera, idalembedwa kuti nja mawati 65, ndipo yogulidwa m'katoni yake imabwera ndi choziziritsira. Imakhala pa bolodi la mtundu wa AM4 ndi kugwiritsa ntchito RAM ya DDR4, zipangizo zimene zakhala pamsika zaka zambiri ndipo zimapezeka ngakhale zogwiritsidwapo kale ntchito. Wogula bolodi lakale la B450 afunse ngati BIOS yake idakonzedwa kuti izindikire purosesa imeneyi, ndipo aumirire kuti wogulitsa ayatse makinawo iye akuona. Wa ndalama zochepa zedi akhoza kutsikira pa Ryzen 5 3400G kapena Ryzen 3 3200G za 2019. Zakale kuposa pamenepa, monga 2200G ndi 2400G za 2018, nzofunika kuzipewa, pakuti sizili pa mndandanda wa Microsoft wa mapurosesa ovomerezeka pa Windows 11, chikhalirecho nthawi yosamalira Windows 10 idatha mu Okutobala 2025. Ryzen 5 8600G ya 2024 imajambula msanga kuposa zonsezi, koma imafuna bolodi la AM5 ndi RAM ya DDR5, zimene zimakweza mtengo wa makina onse.

Chinsinsi chachikulu cha purosesa yotereyi chagona pa RAM, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonya. Popeza mbali yojambula zithunzi ilibe RAM yakeyake, imabwereka ya kompyuta yonse. Kandodo kamodzi ka DDR4-3200 kamadutsitsa magigabaiti 25.6 pa sekondi, pamene tiwiri toikidwa m'malo oyenera timadutsitsa 51.2. Zili ngati madoko awiri potsitsa nsomba: ngalawa zimatsitsa msanga kusiyana ndi pamene zonse zikulimbirana doko limodzi. Nchifukwa chake tindodo tiwiri ta magigabaiti 8 timaposa kamodzi ka magigabaiti 16 pa masewero, chonsecho kuchuluka kwake nkofanana. Kumapeto kwa 2025 mitengo ya RAM idakwera kwambiri pa dziko lonse, ndipo wogulitsa akhoza kunyengerera munthu kuti atenge kamodzi kokha. Kuvomera zimenezo ndi kupundula purosesa yabwino.

Nkoyenera kunena zoona pa zimene makina otere angathe. Masewero a mpira a zaka zam'mbuyomu monga PES 2021, komanso GTA V, Minecraft, Dota 2 ndi Valorant, amayenda mokhutiritsa pa 5600G munthu akachepetsa zokometsera. Masewero atsopano olemera amafuna kutsitsa chithunzi kufika pa 720p, ndipo ena sayenda bwino ngakhale pamenepo. Chifukwa chake ndi masamu wamba: chithunzi cha 1080p chili ndi timadontho 2,073,600 pamene cha 720p chili ndi 921,600, ndiye kuti ntchito imatsika kupitirira theka. Pa sikirini yaying'ono, anyamata amene maso awo ali pa chigoli sadandaula nako kusiyanako.

Chifukwa chachiwiri chokondera njira imeneyi ndi magetsi. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga damu la Kapichira, dziko nkutaya mamegawati pafupifupi 130 mpaka mu 2023, ndipo anthu sadaiwale mdima wa masiku amenewo. M'midzi yambiri ya m'mbali mwa nyanja chodalira ndi sola ndi batire. Kompyuta ya 5600G pamodzi ndi sikirini yake imadya mawati pafupifupi 125 poseweretsa. Batire ya mavoti 12 ndi 100Ah, imene siyenera kutsitsidwa kupitirira theka, ikhoza kuiyendetsa kwa maola anayi. Khadi la RTX 3060 palokha limafuna mawati 170, kotero batire yomweyo ikhoza kutha m'maola awiri okha. Magetsi ochuluka amabalanso kutentha, ndipo aliyense amene adakhalako ku Mangochi mu Okutobala akudziwa kuti makina safunika kuwaonjezera moto wina.

Chifukwa chachitatu ndi mtunda. Kuchokera ku Makanjira kufika pa boma la Mangochi, kudzera ku Lungwena ndi Malindi, pali makilomita pafupifupi 100, ndipo kukafika ku Blantyre pamafunika enanso pafupifupi 190. Chipangizo chilichonse choonjezera m'bokosi ndi chinthu chinanso chimene chikhoza kufa kutali ndi mmisiri. Ndipo popeza zipangizo zonsezi zimagulidwa kunja, kugwa kwa kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 kudakweza mtengo wa chilichonse cholowa m'malo mwa chakufa.

Alipo amene amatsutsa, ndipo mawu awo ngofunika kuwamva. Iwo amati kompyuta yakale ya muofesi, ya Dell kapena HP, ikaikidwa khadi logwiritsidwapo kale ntchito ngati GTX 1650 imajambula msanga kuposa 5600G. Zimenezi nzoona. Koma mabokosi ambiri a muofesi ndi opyapyala, khadi wamba silikwanamo, ndipo chogawa magetsi chake nchofooka. Komanso khadi lakale mbiri yake siidziwika. Ambiri adagwira ntchito usana ndi usiku pokumba ndalama za pa intaneti m'zaka za 2021 ndi 2022. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ena amati wofuna bizinesi ya mpira yokha angogula PlayStation 4 yakale. Apa akulondola, ndipo munthu amene cholinga chake nchokhacho atsate malangizo amenewo. Kungoti PlayStation silemba kalata yofunsira ntchito, sisindikiza mayeso a ana, ndiponso siphunzitsa munthu luso lomupezetsa ntchito. Enanso amakumbutsa kuti 5600G imachepekedwa pang'ono poyerekeza ndi 5600 tsiku limene khadi lidzaikidwe. Kuchepako nkwapang'ono, ndipo malo a khadi pa bolodi amakhala akudikira. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Ndalama zimene zikadapita ku khadi zili ndi ntchito zofunika kuposa: SSD yoti makina azidzuka msanga, chogawa magetsi chodalirika, ndi chotetezera makina magetsi akabwera mwamphamvu, pakuti nyengo ya dzinja kunyanja kuno mphezi sizisowa.

Aphunzitsi ali ndi udindo wawo pa nkhani imeneyi, popeza ndiwo amafunsidwa nzeru wachinyamata akagwira ndalama. Ena mwa iwo amaopa kuti nyumba ya masewero idzakoka ana kuthawa m'kalasi monga imachitira nyanja usipa ukachuluka. Mantha amenewa ngomveka, ndipo mwini makina wanzeru satsegulira mwana wa yunifolomu nthawi ya sukulu. Koma wachinyamata amene waphunzira kuwerenga chilembo cha G ndi F, kuika RAM m'malo mwake ndi kuwerengera mawati a batire, wapeza kale luso limene anthu a ku Namwera, Monkey Bay ndi pa boma adzamulipira nalo. Mphunzitsi amuthandize kulemba papepala dzina lonse la purosesa, mtundu wa bolodi ndi tindodo tiwiri ta RAM asadatumize uthenga kwa mchimwene wake ku Joni.

Gawo lotsatira lidzafotokoza za kasankhidwe ka bolodi ndi chogawa magetsi.