ZA UMOYO WATHU: KODI MAGOLOVESI AMACHINGA KACIROMBO?

Mlungu uno tikambirana za magolovesi, zobvala za m'manja zija kale tinali kuziona kwa madokotala ndi anamwino okha. Kuyambira m'caka ca 2020 zinthu zimenezi zinaturuka m'zipatala ndi kulowa m'misika, m'masitolo ndi m'mabasi. Ngakhale lero, pakangomveka mbiri ya mliri, timaona ogulitsa zakudya ndi apaulendo ena atabvala magolovesi, ndipo amene sanawapeze amabvala timatumba ta pulasitiki. Tsono funso nali: kodi munthu wobvala magolovesi pagulu wadziteteza ku kacirombo, ndipo kodi wateteza anzace? Akatswiri a za umoyo akuti iai. Tifuna kufotokoza cifukwa cace, pakuti ndalama ya m'mudzi imabwera mobvutikira ndipo siyenera kutayidwa pa cinthu cosathandiza.

Matenda a COVID-19 anayamba kudziwika mu mzinda wa Wuhan ku China mu Disembala 2019. Pa 18 Marichi 2020 Boma lathu linalengeza kuti anthu 2 apezeka nawo muno m'Zambia, ndipo patangopita masiku 2 masukulu anatsekedwa. Mliriwo unatenga anthu oposa 4,000 m'dziko muno. Sitingadzudzule munthu amene anathamangira kukagula magolovesi pa nthawi ya mantha otere. Koma ngakhale m'miyezi yoyambirira ija, bungwe la WHO, loyang'anira za umoyo pa dziko lonse lapansi, linalangiza kuti kusamba m'manja kawirikawiri kumateteza munthu koposa kubvala magolovesi a mpira. Pa 5 Meyi 2023 bungweli linalengeza kuti COVID-19 siirinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, komabe kaciromboko kakalipo, pamodzi ndi tizirombo tina ta cimfine ndi cifuwa. Cotero phunziro limeneli n'lofunikabe.

KUMENE KACIROMBO KAMALOWERA

Coyamba tiyenera kudziwa khomo limene mdani amalowera. Kacirombo ka COVID-19 ndi tina ta cimfine sitiboola khungu la m'manja. Khungu lopanda bala ndi linga lolimba limene tinabadwa nalo. Makomo a tizirombo timeneti ndi mphuno, pakamwa ndi maso. Munthu wodwala akamatsokomola, kuyetsemula, kulankhula kapena kuyimba, amaturutsa timadontho tating'ono kwambiri ta malovu, ndipo tina timayandama mumpweya kwa nthawi ndithu, makamaka m'nyumba yotseka. Amene ali pafupi amatipuma.

Taganizirani za basi yocoka ku Chipata kupita ku Lusaka, mazenera onse ali otseka kaamba ka mphepo, ndipo pakati pa anthuwo pali mmodzi wodwala. Onse apuma mpweya umodzi tsiku lathunthu. Mwa anthu amenewo, wobvala magolovesi ndi wosabvala ali pa ngozi yofanana, cifukwa magolovesi ali kumanja pamene kacirombo kakulowera kumphuno. Kutsegula zenera kukanawathandiza onse koposa.

N'zoona kuti tizirombo timatsalira pa zitseko, pa ndalama ndi pa zinthu zina zimene wodwala wagwira. Koma mu Epulo 2021 bungwe la boma la America loona za matenda, lochedwa CDC, linanena kuti mwai wotenga COVID-19 pa kugwira kamodzi cinthu coipitsidwa sufika ngakhale pa 1 mwa 10,000. Njira imeneyi iripo, koma ndi yaing'ono poyerekeza ndi ya mpweya. Ndiponso kugwira kokha sikudwalitsa munthu. Amadwala pamene dzanja lanyamula kacirombo ndi kukakatula kumaso.

Nanga dzanja limapita kangati kumaso? M'caka ca 2015 akatswiri a pa yunivesite ya New South Wales ku Australia anafalitsa zimene anapeza atajambula ophunzira za udokotala 26 ali m'kalasi. Anawerenga kuti munthu mmodzi anali kudzigwira kunkhope pafupifupi nthawi 23 pa ola limodzi. Ngati ophunzira za udokotala amatero, kuli bwanji ife? Dzanja lobvala golovesi limapitanso kumaso cimodzimodzi, kukapukuta thukuta kapena kuingitsa nchenche, ndipo limapereka zonse zimene latola.

CITSANZO CA PAMSIKA

Tiyeni tione zimene zimacitika pa msika uliwonse, kaya ndi ku Katete, ku Petauke kapena ku Lundazi. Mai wogulitsa zitumbuwa wabvala magolovesi m'mawa pofika. Ndi dzanja lomwelo alandira ndalama, abweza cenji, amanga citenje, apukuta mwana mamina, kenaka atola citumbuwa ndi kupatsa wogula. Pofika masana golovesi ija yagwira ndalama zocokera kwa anthu ambirimbiri ndipo siinaone madzi ngakhale kamodzi.

Dzanja lopanda kanthu limamva likada. Likanona mafuta kapena likamata, mwini wace amafuna madzi msanga. Golovesi imacotsa kumva kumeneko, motero munthu amakhala maola ambiri osasamba, mumtima ali cete poganiza kuti ndi waukhondo. Wogula nayenso akaona magolovesi amakhulupirira kuti cakudyaco cagwiridwa bwino. Apa ndi pamene akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Sitikunyoza amai amenewa, pakuti colinga cao n'cabwino. Koma pali njira yoposa imeneyi ndiponso yosadya ndalama. Tolani zitumbuwa ndi foloko kapena kamtengo kosongola kosungidwa paukhondo. Kapena lowetsani dzanja m'kathumba katsopano pa nthawi yokhayo yotola, ndipo mukatola katembenuzeni kuti kakhale cokulungira ca wogulayo. Ngati muli awiri, wina azigwira ndalama, wina cakudya. Pambali pakhale cigubu ca madzi ndi sopo.

Palinso zobvuta zina. M'kati mwa golovesi mumatentha ndi kucita thukuta, ndipo golovesi yopyapyala imabooka timabowo tosaoneka ndi maso. Munthu wosaphunzitsidwa akamaibvula amagwira kunja kwace ndi zala, ndipo litsiro lonse la tsikulo limatsalira m'manja. Akaitaya panjira, ana amaitola ndi kuiuzira mpweya ndi pakamwa ngati cibaluni. Kumbukiraninso kuti pa 3 Marichi 2020 bungwe la WHO linacenjeza za kucepa kwa zobvala zodzitetezera m'zipatala, ndipo linati anchito a za umoyo pa dziko lonse anafunikira magolovesi 76 miliyoni mwezi uliwonse polimbana ndi mliriwo. Pa nthawi yotere, golovesi yopita kumsika yalandidwa kwa namwino amene akuifunadi.

KUMENE MAGOLOVESI ALI NDI NCHITO

Wina angafunse kuti, ngati magolovesi sathandiza, nanga madokotala amawabvaliranji? Mbiri yace ndi yokondweretsa. Ca m'ma 1890, pa cipatala ca Johns Hopkins mu mzinda wa Baltimore ku America, dokotala wa opaleshoni William Halsted anaona kuti manja a namwino Caroline Hampton akuonongeka ndi mankhwala amphamvu ophera tizirombo. Anapempha kampani ya Goodyear kuti impangire magolovesi opyapyala a mpira. Pambuyo pace madokotala anaona kuti magolovesi amatetezanso mabala a odwala.

Koma onani mmene namwino amawagwiritsira nchito. Amasamba m'manja asanawabvale. Amagwira nchito imodzi pa wodwala mmodzi, monga kutsuka bala, kutenga magazi kapena kubereketsa mai. Akatha amawabvula pomwepo, amawataya m'cotengera cace, ndipo amasambanso. Sapita nawo kwa wodwala waciwiri. Mphamvu ya golovesi iri m'lamulo limeneli la nchito imodzi ndi nthawi yocepa, ndipo ndi lamulo lomweli limene munthu woyenda nayo mumsika tsiku lonse amaswa.

Kumudzi nakonso iripo nthawi imene magolovesi amafunika. Abvaleni pamene mukugwira magazi kapena bala la munthu wina, cifukwa tizirombo ta HIV ndi ta matenda a ciwindi a hepatitis B timakhala m'magazi ndipo tingalowere pa kabala ka m'manja mwanu. Tikumbutsane kuti HIV siyenda m'kupatsana moni wa pamanja kapena m'kudyera mbale imodzi. Abvaleni pamene mukupukuta masanzi kapena cimbudzi ca wodwala, ndi pocapa zofunda zace. Abvaleni posamalira munthu wa zotupa za pakhungu zonga za matenda a mpox, amene anapezeka koyamba muno m'Zambia mu Okutobala 2024, pakuti amenewa amafala ndi kukhudzana khungu. Adzukulu okonza maliro a munthu womwalira ndi matenda opatsirana ayenera kuyamba amva malangizo a anchito a za umoyo. Ngati magolovesi palibe, matumba a pulasitiki osabooka ndi abwino koposa manja cabe, malinga atayidwe nchitoyo ikangotha.

Alimi a thonje ndi ndiwo zamasamba, inu ndinu amene muyenera kusunga magolovesi ocindikala pakhomo. Mankhwala opopera mbeu amasiyana ndi kacirombo ka cimfine, cifukwa ambiri a iwo amalowa m'thupi kupyolera pakhungu penipeni. N'zomvetsa cisoni kuona munthu wobvala magolovesi m'basi, koma posungunula mankhwala a thonje akutakasa ndi dzanja lace.

Pobvula citani motere. Tsinani golovesi imodzi kunja kwace pafupi ndi polumikizira dzanja, ndipo ikokeni kuti itembenuke, zam'kati zikhale kunja. Igwireni m'dzanja limene likali lobvala. Kenaka lowetsani cala m'kati mwa inzace, osagwira kunja, ndi kuisenda kuti ikute yoyamba ija. Tayani zonse m'cimbudzi cokumba kapena zitentheni kutali ndi ana. Opyapyala aja sacapidwa kuti abvalidwenso. Potsiriza sambani m'manja ndi sopo.

SOPO NDI MADZI

M'caka ca 1847, pa cipatala cacikulu ca mu mzinda wa Vienna, dokotala Ignaz Semmelweis anaona kuti amai ambiri anali kumwalira ndi malungo atangobereka. Madokotala anali kucoka kokapima mitembo ndi kupita kukagwira amaiwo. Iye analamula kuti aliyense azisamba m'manja ndi madzi a klorini. Mu Epulo caka cimeneco amai pafupifupi 18 pa 100 alionse anamwalira, koma m'miyezi yocepa ciwerengeroco cinatsika kufika pa 2 pa 100 alionse. Cimene cinapulumutsa amai aja ndi kusamba m'manja.

Kacirombo ka COVID-19 kali ndi cikuto ca mafuta, ndipo sopo amaswa cikuto cimeneco monga mmene amacotsera mafuta m'mbale. Tizirombo tina tosasweka timatengedwa ndi thobvu n'kupita ndi madzi. Sopo aliyense ndi wokwanira, ngakhale wa mtanda wocapira zobvala. Cofunika ndi kupaka kwa masekondi osacepera 20, m'zikhatho, kuseri kwa manja, pakati pa zala, zala zazikulu ndi m'zikhadabo. Sopo akasowa, phulusa loyera la pamoto lingathandize. Sambani mukacoka kucimbudzi, mukasintha mwana thewera, mukamina, mukabwera kucokera kumsika kapena kumaliro, musanaphike ndiponso musanadye.

Pali mwambo umodzi umene tiyenera kuusintha. Nsima ikabwera, banja lonse limasamba m'beseni limodzi, kuyambira atate mpaka kamwana kotsiriza. Wotsirizayo amasamba m'litsiro la onse, ndipo ndiye wofooka kopambana. Ulemu sudzacepa ngati mwana agwada ndi kuthirira akuluakulu madzi ndi kapu, beseni n'kukhala lolandirira madzi akuda okha. Pafupi ndi cimbudzi pacikani kacigubu kobooledwa pa mtengo, kokhala ndi cingwe ndi kamtengo kopondapo, kuti madzi azituruka popanda kukagwira ndi manja.

Cizolowezi cimeneci cimatiteteza ku matenda ambiri pa nthawi imodzi. Kolera imene inabuka ku Lusaka mu Okutobala 2023 inapha anthu oposa 700 m'dziko muno, ndipo inacedwetsa kutsegulidwa kwa masukulu kuciyambi kwa 2024. Kacirombo kace ndi ka mtundu wina, koyenda m'madzi ndi m'cakudya, koma manja osasamba ndiwo amakathandiza ulendo. N'cimodzimodzi ndi matenda otsegula m'mimba a ana.

Kunena za cifuwa ndi cimfine, tsegulani mazenera m'nyumba, m'kalasi, m'chalichi ndi m'basi. Potsokomola tsekani pakamwa ndi mkati mwa cigongono. Wodwala apume kunyumba, ndipo ngati ayenera kupita pagulu abvale kansalu kotseka mphuno ndi pakamwa. Akayamba kubanika popuma, mtengereni ku cipatala msanga. Katemera akafika m'dera lanu, funsani anamwino za amene ayenera kulandira.

Tikupempha mafumu, anyakwawa, aphunzitsi ndi atsogoleri a mipingo kuti mau awa awafikitse kwa amene sadziwa kuwerenga. Makomiti a misika aonetsetse kuti pali madzi ndi sopo pamene pagulitsidwa zakudya zophika. Ndipo inu amai ndi atate, ngati muli ndi ndalama yokwanira cinthu cimodzi cokha, gulani sopo. Magolovesi asungireni tsiku losamalira wodwala ndi tsiku lopopera thonje.