Muyeso umodzi womwe tidalonjezana mu 2006

Pamene Nyumba ya Malamulo inkavomereza lamulo loletsa nkhanza za m'banja mu 2006, lonjezo lake lidali lomveka: aliyense wozunzidwa pakhomo, kaya ndi mayi, bambo kapena mwana, atetezedwe mofanana. Malamulo oyendetsera dziko a 1994 adali ataletsa kale tsankho pakati pa amuna ndi akazi, ndipo lamulo lina la 2013 lidadzatsindika mfundo yomweyi. Papita zaka zokwanira kuti tidzifunse ngati milandu yomenyana timaiyeza ndi muyeso umodzi.

Zina zidasinthadi. Kupolisi kuli maofesi a Victim Support Unit. Pachipatala cha Gulupu, pa Ginnery Corner pano, pali One Stop Centre pomwe wogwiriridwa amapimidwa, kupereka sitetimenti ndi kulandira uphungu popanda kuzungulira tauni yonse. Kale izi kudalibe.

Koma maganizo athu atsalira m'mbuyo. Kafukufuku wa boma wa 2015-16 adapeza kuti amayi 34 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 adamenyedwapo kuchokera pomwe adakwanitsa zaka 15. Chibakera chomwe chingamangitse munthu akachiponya padepoti ya Limbe, chikagwera mkazi kuchipinda ku Ndirande chimasanduka "za m'banja". Ankhoswe amaitanidwa, mayi amauzidwa kuti banja ndi kupirira, ndipo kawirikawiri amakathetsa yekha mlandu poganiza kuti bambo akalowa m'ndende ana adya chiyani. Sitidaiwale Januwale wa 2012, pomwe amayi ovala mathalauzi adavulidwa m'misewu ya Blantyre, anthu ena n'kumati adaziputa okha. Amayi 18 a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu, omwe adadandaula kuti apolisi adawagwirira mu Okutobala 2019, adachita kudikira chigamulo cha Justice Kenyatta Nyirenda mu 2020 kuti boma liwapatse chipepeso.

Mbali ina ya nkhaniyi sitikonda kuikamba. Bambo wothiridwa madzi otentha ndi mkazi wake akafika pagulu amakumana ndi phwete. Anzake amati adadyetsedwa khuzumule, achibale amamukumbutsa kuti mwamuna salira, ndipo iye amasankha kunama kuti adapsa ndi mbaula. Ngakhale malamulo athu a milandu kwa zaka zambiri ankazindikira kugwirira pokhapokha wogwiriridwayo akakhala mkazi kapena mtsikana. Mpaka 2023 m'pamene gawo loteteza ana lidakonzedwa kuti mayi wogona ndi mnyamata wosakwana zaka 18 naye ayankhe mlandu womwewo.

Tisanamizane kuti mbali ziwirizi n'zolemera mofanana: ochuluka mwa ovulazidwa ndi kuphedwa m'mabanja ndi amayi. Komabe gwero la chinyengochi ndi limodzi. Tidaphunzitsidwa kuti mwamuna ndiye mwini mphamvu pakhomo, choncho akamenya timati akulangiza, akamenyedwa timati ndi chitsiru. Mwa njira zonsezi womenya amapulumuka, ndipo ana oonerera amakula akudziwa kuti chilango chimadalira amene wakweza dzanja. Amene amatchula za abambo ozunzidwa pofuna kutseka pakamwa amayi akulakwitsa, monganso akulakwitsira amene amaseka abambowo.

Phunziro la zaka zimenezi ndi loti lamulo lolembedwa bwino limafera pakauntala ya polisi ndi pabwalo la ankhoswe ngati olandira dandaulo sadasinthe. M'zaka zikudzazi tiyenera kupempha zinthu zooneka. Apolisi ndi makhoti azitulutsa chaka ndi chaka chiwerengero cha madandaulo a amayi ndi a abambo, milandu yomwe idathetsedwa panjira, ndi zilango zomwe zidaperekedwa pa bala lofanana, kuti tizifananitsa tokha. Ankhoswe, mafumu ndi akuluakulu a mpingo avomereze kuti kuyanjanitsa kuli ndi malire: pomwe patuluka magazi nkhaniyo ndi ya kukhoti. Ndipo masiku 16 olimbana ndi nkhanza, omwe amayamba pa 25 Novembala, azikhala nthawi yoti boma liwerengere nzika zomwe lachita kuchokera chaka chatha.