Kodi Tsobola Wakale Sawawa?

M'nyumba zambiri za m'dziko la Malawi muli bokosi lachitsulo limene likhala kunsi kwa kama. Mwini wake anabwera nalo kuchokera ku Joni kapena ku Halale, ndipo iyeyo anagona kale kumanda. M'bokosimo mupezeka chitupa cha Wenela, mendulo ya msilikali amene anakamenya nkhondo ku Burma, tindalama tobowoka pakati ta nthawi ya Chitaganya, mphande ya agogo aakazi, ndi zithunzi zitatu kapena zinayi zimene zayamba kufiira. Zinthu zimenezi zili ndi adani awiri, ndipo onsewo ndi anthu. Chiswe ndi njenjete zingotsiriza ntchito imene anthu anaiyamba.

Mdani woyamba ndiye mdzukulu wonyozera. Iyeyu akatsegula bokosi aseka chipewa cha agogo ake ndi buluku lawo lotakasuka, nanena, "Tsobola wakale sawawa." Zithunzi apatsa ana kuti aseweretse pabwalo. Mapepala ayatsira moto. Mukamfunsa ayankha kuti munthu wa makono ayenera kuyang'ana kutsogolo, ndi kuti chithunzi cha munthu wakufa sichilima munda.

Munthu wotere ayenera kumva mbiri ya chithunzi chimodzi. Mbusa John Chilembwe anapita ku America m'chaka cha 1897 pamodzi ndi Joseph Booth, nabwerako mu 1900, nayambitsa mishoni ya Providence Industrial Mission pa Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Pamenepo iye ndi anthu ake anamanga tchalitchi chachikulu cha njerwa. Cha m'ma 1914 wina anajambula chithunzi patsogolo pa tchalitchicho. Pachithunzipo paimirira amuna awiri: Chilembwe ndi Mzungu wa mishoni, John Chorley. Chilembwe wavala chipewa kumutu. Chinthu chimenechi chioneka chaching'ono lero, koma m'masiku amenewo munthu wakuda anayenera kuvula chipewa pamaso pa Mzungu, ndipo wosavula anaona zakuda.

Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu a Chilembwe anaukira Azungu. Pa 3 Febuluwale iye anaphedwa, naikidwa m'manda opanda chizindikiro. Tchalitchi chija asilikali a boma anachigumula. Boma la Atsamunda linafuna kuti pa Mbombwe pasatsale kanthu kokumbutsa anthu za iye. Linali ndi mfuti, linali ndi asilikali, ndipo makoma a njerwa anagwadi. Koma kapepala kopyapyala, kamene mwana akhoza kukang'amba ndi zala ziwiri, kanapulumuka.

Tsono taonani zimene zithunzi za Chilembwe zachita. Mu 1958 George Shepperson ndi Thomas Price anasindikiza buku la moyo wake, ndipo anthu amene sanamuonepo anaona nkhope yake. Kuyambira mu 1997 nkhopeyo inalowa pa ndalama za pepala za dziko la Malawi. Mayi wogulitsa tomato pamsika akalandira K2,000 waigwira m'manja. Wolemba nkhope ya pandalamayo akanaitenga kuti pakanapanda zithunzi? Ndipo mu Seputembala 2022 mmisiri wa ku Malawi, Samson Kambalu, anaimika fano la mkuwa pa bwalo la Trafalgar Square, pakati penipeni pa mzinda wa London, ataliumba motsata chithunzi cha 1914 chija. Chilembwe anamuumba wamtali kuposa Chorley, chipewa chili kumutu. Fanolo linaima pamenepo kufikira 2024, mu likulu la ufumu womwe uja umene unamupha. Ngati uyu ndiye tsobola wosawawa, wowawayo ndi uti?

Wina adzati, "Chilembwe anali munthu wotchuka, agogo a m'bokosi anali olima chimanga chabe." Komatu tsiku limene wojambula anaimika makina ake pa Mbombwe panalibe wodziwa kuti mbusayo adzakhala pa ndalama. Ndiponso mbiri ya anthu otchuka ili nawo kale oisunga. Mlimi wa chimanga alibe wina womsungira nkhope koma adzukulu ake okha.

Mdani wachiwiri ndi woopsa kuposa woyambayo, pakuti iye abwera ndi ulemu. Ameneyu ndiye wogula zinthu zakale. Ayenda m'midzi kufunafuna mfuti za gogodera, nthungo, mipando yosema, mikanda, nsimbi za makala ndi magalamafoni. Akaona mtondo wotha pakamwa maso ake awala. Iye sanyoza zakale ai. Azikonda ndithu, ndipo chikondi chakecho sichiyenera kusekedwa. Munthu aliyense akagwira chipande chimene chasalala ndi manja a amayi a mibadwo itatu amva kanthu mumtima. Chinthu chakale chimuuza kuti dziko silinayambe ndi iye.

Cholakwa cha wogulayo nchakuti agula chinthu nasiya dzina. Mpando umene m'mudzi unali wa mfumu yakutiyakuti, umene anakhalapo poweruza mlandu wa malire a dimba, ukafika m'sitolo ya mumzinda ungotchedwa "mpando wakale wa ku Africa." Usanduka ngati munthu wodulidwa lilime. Ndipo popeza ogula afuna ukale wokha, osati mbiri, amisiri ochenjera anaphunzira kupanga ukalewo: asema chiboliboli lero, achipachika pa utsi, achikwirira m'dothi masabata angapo, achipaka polishi wa nsapato, ndipo mwezi wamawa chakwanitsa zaka zana. Wogula apita wokondwa. Ichi chisonyeza poyera kuti ukale wopanda dzina ulibe mtengo weniweni, pakuti utsi wa m'khitchini ukhoza kuupanga.

Za wogulitsa siziyenera kunenedwa mwankhanza. Njala ilibe manyazi, ndipo mayi amene mwana wake wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi sangadye mendulo. Koma adziwe kuti ndalamayo idzatha sabata isanathe, pamene chinthu chopita kunja sichibwera msanga. Anthu a ku Zambia adziwa bwino zimenezi. Mu 1921 anthu okumba mgodi ku Kabwe, kumene kale kunkatchedwa Broken Hill, anapeza chigaza cha munthu wa kalekale. Chinatumizidwa ku London, ndipo boma la Zambia lachipempha kwa zaka zambiri. Ngati boma lathunthu livutika chotere, nanga mayi wa kumudzi adzaombola bwanji mphande ya amayi ake?

Enanso atsamira pa boma, nati kusunga zakale ndi ntchito ya nyumba ya chionetsero ya ku Chichiri, kapena ya nkhokwe ya makalata akale ya ku Zomba, imene inayamba mu 1947. Nyumba zimenezi zigwiradi ntchito yabwino, monganso laibulale ya m'nyumba ya Mandala ku Blantyre, imene inamangidwa mu 1882. Koma nyumba ya boma nayonso ipsa. Mu 1919 moto unatentha maofesi aakulu a boma ku Zomba, ndipo makalata ambiri a zaka zoyamba za Atsamunda anasanduka phulusa. Kuwonjezera apo, kalaliki wa ku Zomba sangadziwe kuti mnyamata wa njinga pa chithunzi cha m'bokosi lija ndi malume ake a yani.

Wodziwa zimenezo ndi azakhali okalamba amene akhala pakhonde kusenda nandolo. Iwo akhoza kuloza ndi chala nanena kuti uyu ndi uje, wa mfunda wakuti, anajambulitsa ku Bulawayo chaka chimene dzombe linadya mapira. Uyu wapambaliyu ndi mnzake wa ku Chipata amene anafera mu mgodi. Koma azakhaliwo sadziwa kulemba, ndipo chaka chilichonse maso awo achita chifunga.

Apa mpamene munthu amene waphunzira kulemba atakula kale ali ndi mwayi woposa wa mdzukulu wonyozera uja, ngakhale mdzukuluyo anafika folomu 4. Iye ndi wa msinkhu woti akulu amuuza zinthu zimene sauza ana, ndipo tsopano dzanja lake lidziwa zilembo. Ambiri aphunzira kulemba kuti azisaina dzina lawo ku banki m'malo modinda chala. Nzabwino zimenezo, koma ndi dzina limodzi lokha. Kuseri kwa chithunzi chilichonse kuli malo oyera okwana maina asanu, mudzi ndi chaka. Pafunika pensulo, pakuti inki ilowerera niononga nkhope za kutsogolo. Pafunikanso kupita kwa azakhali aja mwezi uno, nandolo asanathe m'lichero.