Pulofesa amene ankangofunsa kuti "kuti?"

Mwezi watha ndidapita kumudzi kukaona mayi anga aang'ono omwe amagulitsa tomato ndi anyezi. Ndidawapeza pamalo awo a masiku onse, pamphambano pomwe maminibasi amaima, dzuwa likuwawomba pamutu, fumbi likuthira pa tomato. Kuseri kwa sukulu, mtunda woyenda mphindi khumi zokha kuchoka pamenepo, kuli msika watsopano: shedi ya malata, mabenchi a simenti, zimbudzi ndi mjigo womwe. Adamanga ndi anthu akufuna kwabwino ndipo padalowa ndalama zambiri. Lero mumagona mbuzi.

Ndidafunsa: "Mayi, bwanji osakakhala mumthunzi muja?"

Adandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. "Mwanangu, mthunzi sugula tomato. Wogula amatsikira pano."

Omanga msikawo adafunsa mafunso ambiri. Udzadya ndalama zingati? Mudzalowa anthu angati? Udzatha liti? Funso limodzi lokha ndi lomwe sadalifunse mofatsa: timange kuti? Sabata ino ndikufuna ndikuuzeni za mphunzitsi wina wa kusukulu ya ukachenjede ku America yemwe adathera moyo wake wonse pa funso limeneli, mpaka adaliyambitsira maphunziro akeake. Dzina lake ndi Walter Isard.

A Isard adabadwa m'chaka cha 1919 mumzinda wa Philadelphia. Digiri yoyamba adatenga ku Temple University ali ndi zaka 20, kenako adapita ku Harvard kukaphunzira zachuma. Adakhalakonso pang'ono ku Chicago, ndipo digiri ya udokotala wa maphunziro adailandira ku Harvard mu 1943. Kafukufuku wawo adali woona mmene kubwera kwa njira zatsopano za mayendedwe, monga njanji, kumakokera ntchito zomangamanga. Apa mutha kuona kale komwe mtima wawo udali: msewu ukadutsa pena, chuma chimatsatira.

Imeneyi idali nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. A Isard adali a mpingo wa Quaker, womwe umakana kugwira mfuti. M'malo mopita kunkhondo, adatumizidwa kukagwira ntchito yosamalira odwala pachipatala cha boma cha anthu odwala misala. Munthu wa digiri ya ku Harvard adakhala wantchito wamba m'wodi. Ali komweko adayamba kumasulira m'Chingerezi mabuku a akatswiri a ku Germany omwe adalemba za malo ndi chuma, mabuku omwe anthu ambiri azachuma ku America sankawawerenga.

Akatswiri amenewa ndi oyenera kuwatchula chifukwa zomwe adapeza timaziona ndi maso. Woyamba pa mzere umenewu ndi Johann Heinrich von Thünen, mlimi yemwe ankalemba mosamala ndalama zonse za pamunda pake. Mu 1826 adaonetsa kuti mtengo wonyamulira katundu ndi umene umalamula chomwe mlimi angalime. Pafupi ndi mzinda pamalimidwa zoonongeka msanga monga ndiwo zamasamba ndi mkaka, pomwe kutali kumalimidwa zosungika monga tirigu. Alfred Weber, mu 1909, adafotokoza za mafakitale: ngati katundu wolowa mufakitale ndi wolemera kwambiri kuposa wotulukamo, fakitaleyo imatsatira komwe kuli katunduyo. N'chifukwa chake mafakitale a shuga ali ku Nchalo ndi ku Dwangwa, pakati pa minda ya nzimbe, osati ku Limbe. Kuti mupeze tani imodzi ya shuga pamafunika matani angapo a nzimbe, ndiye palibe wanzeru yemwe anganyamule zitsotso ulendo wautali. August Lösch, mu 1940, adalemba za mmene misika ndi matauni zimagawanirana dera, aliyense ndi makasitomala ake.

Nkhondo itatha, a Isard adabwerera ku Harvard ali ndi dandaulo limodzi lalikulu. Ankati akatswiri a zachuma amalemba ngati kuti dziko lonse lili pakadontho kamodzi, wogula ndi wogulitsa akhala moyandikana, popanda phiri, mtsinje kapena mtengo wa mafuta pakati pawo. Ku Harvard adagwira ntchito ndi Wassily Leontief, yemwe pambuyo pake adapata mphoto ya Nobel chifukwa cha njira yowerengera mmene ntchito imodzi imadyetsera inzake: fakitale ya zitsulo imagula malasha, mgodi wa malasha umagula makina, antchito a konseko amagula buledi. Leontief ankawerengera dziko lonse. A Isard adati tiyeni tiwerengere chigawo chimodzi. Mu 1953, pamodzi ndi mnzawo Robert Kuenne, adafufuza fakitale yaikulu ya zitsulo yomwe inkamangidwa m'mphepete mwa mtsinje wa Delaware, n'cholinga chodziwiratu kuti idzabala ntchito zina zingati m'dera la pakati pa New York ndi Philadelphia. Funso limeneli ndi lomwe aliyense wolonjeza fakitale pamsonkhano amayenera kuliyankha, koma kawirikawiri saliyankha.

Vuto lidali lakuti funso la "kuti?" lidalibe kwawo. Azachuma ankati ndi la ajogalafe. Ajogalafe a nthawi imeneyo ankajambula mapu ndi kufotokoza za madera, koma masamu sankawakonda. Okonza mizinda ankafuna mayankho achangu. A Isard adaona kuti mutu umodzi susenza denga, choncho adayamba kuitana anthu a mbali zonsezi kuti azikumana. Mu 1953 adasamukira ku MIT, kunthambi yokonza mizinda ndi zigawo, ndipo mu December 1954, mumzinda wa Detroit, padabadwa bungwe la Regional Science Association. Dzina la maphunziro atsopanowa lidali regional science, kunena kuti sayansi ya zigawo.

Zaka zotsatira zidali za liwiro. Mu 1956 adatulutsa buku la Location and Space-Economy, ndipo chaka chomwecho adapita ku University of Pennsylvania, kwawo ku Philadelphia. Mu 1958 kumeneko kudakhazikitsidwa nthambi yoima payokha ya maphunzirowa, komanso magazini ya akatswiri ya Journal of Regional Science. Mu 1960 adatulutsa buku lina lalikulu, Methods of Regional Analysis, lomwe lidali ngati bokosi la zipangizo kwa aliyense wofuna kuwerengera kuchuluka kwa anthu, kusamuka kwawo, ndi malo oyenera fakitale. Adayenda m'maiko ambiri kulimbikitsa akatswiri kuti ayambitse nthambi za bungwe lija, ndipo lero lili ku Ulaya, ku Asia ndi kwina.

Mphunzitsi amadziwika ndi ophunzira ake. Woyamba kulandira udokotala wa maphunzirowa ku Pennsylvania, mu 1960, adali William Alonso. Iye adatenga nzeru ya mlimi von Thünen n'kuilowetsa mutauni. Adaonetsa kuti munthu wa mumzinda amasankha pakati pa zinthu ziwiri: kulipira malo okwera mtengo pafupi ndi ntchito, kapena kulipira thiransipoti kuchokera kutali komwe malo ndi otchipa. Aliyense amene adachitapo lendi ku Blantyre akudziwa zimenezi popanda buku. Anthu amapanikizana ku Ndirande ndi ku Mbayani osati chifukwa chokonda kuthithikana, koma chifukwa kuchoka kumeneko munthu atha kuyenda wapansi kupita kuntchito, ndalama ya minibasi n'kugulira ndiwo.

Chikhulupiriro chomwe chidawaletsa kugwira mfuti sichidawachoke. Mu 1963 adathandiza kuyambitsa bungwe lina, lofufuza za mtendere, lomwe lero limadziwika kuti Peace Science Society. Maganizo awo adali akuti masamu omwe amathandiza kusankha malo a fakitale angathandizenso kumvetsa chifukwa chomwe maiko amapikisanirana zida, ndi mmene adani angagwirizanire. Mu 1979 adasamukira ku Cornell University komwe adapitiriza kuphunzitsa ndi kulemba mpaka ukalamba.

Tsono apa ndi pomwe nkhaniyi imandikhudza. Mu 1993 akuluakulu a University of Pennsylvania adaganiza zotseka nthambi ija. Munthu wa zaka 74 adaona nyumba yomwe adaimanga ndi manja ake ikugwetsedwa iye ali moyo. Otsutsa adalipo kale. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 ajogalafe ambiri, monga David Harvey, adayamba kunena kuti masamu okhaokha safotokoza chifukwa chomwe dera lina limasaukira pomwe lina likulemera, chifukwa pankhani ya malo pamalowanso mphamvu, ndale ndi eni chuma. Ndikuvomereza kuti pamenepa adali ndi mfundo. Ife tikudziwa kuti msewu nthawi zina umakhota osati chifukwa cha phiri, koma chifukwa cha kwawo kwa munthu wina wamkulu.

Koma nthambi itafa, funso silidafe. M'zaka zomwezo Paul Krugman adayamba kulemba za chifukwa chomwe mafakitale ndi anthu amaunjikana pamalo amodzi, malo ena n'kutsala opanda kanthu. Mu 1999 adalemba buku limodzi ndi Anthony Venables komanso Masahisa Fujita wa ku Japan, yemwe adatenga udokotala wake panthambi yomwe ija ya a Isard. Mu 2008 Krugman adalandira mphoto ya Nobel, ndipo mbali ina ya chifukwa chake idali ntchito imeneyi ya malo ndi chuma. A Isard adaziona zimenezi asadamwalire mu November 2010 ali ndi zaka 91. Mphoto idapita kwa wina, koma munda adautsegula ndi iwo.

Mwina wina akufunsa kuti za mzungu wa ku Philadelphia zikutikhudza bwanji. Ndikuti ndi maiko ochepa omwe funso la "kuti?" limawapweteka ngati lathuli. Tilibe nyanja ya mchere. Feteleza, mafuta ndi mankhwala zimachokera ku Beira, ku Nacala, ku Dar es Salaam kapena ku Durban, ndipo kilomita iliyonse imalowa mumtengo womwe mlimi amalipira. Akuluakulu akukumbukira zaka za m'ma 1980 pomwe nkhondo ya ku Mozambique idatseka njanji za ku Beira ndi ku Nacala, katundu n'kumazungulira kutali. Palibe chidasintha pa feteleza weniweniyo. Chidasintha ndi mtunda basi, koma dziko lonse lidamva kuwawa.

Chiganizo chachikulu cha "kuti?" chomwe dziko lino lidapangapo ndi chosamutsa likulu kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe, komwe kudakhala likulu mu 1975. Chimodzi mwa zifukwa zomwe zidaperekedwa chidali chakuti chitukuko chidaunjikana kummwera, ndipo likulu la pakati likadakokera chuma kuchigawo chapakati ndi kumpoto. Lilongwe idakuladi mpaka kuposa Blantyre pa chiwerengero cha anthu. Koma kodi idakoka madera oizungulira, kapena idangowayamwa achinyamata? Funso lotere siliyankhidwa ndi kukuwa pamsonkhano. Limafuna munthu wokhala pansi zaka zambiri, kuwerenga anthu, katundu ndi ndalama, kuona komwe zikuchokera ndi komwe zikupita.

Panopa masomphenya a Malawi 2063 akukamba zokweza mizinda ina ing'onoing'ono kuti anthu asamangothamangira ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Ndi maganizo abwino. Mantha anga ndi akuti tingamange misika ya mbuzi yaikulu kuposa ya kwathu ija. Mzinda sumera chifukwa chakuti wina waloza chala pamapu. Umamera pomwe wogula amatsikira, pomwe msewu, njanji, madzi, magetsi ndi zokolola zimakumana. Boma litha kuthandiza kuti zinthu zimenezi zikumane, koma liyambe ladziwa komwe anthu akuyenda kale ndi chifukwa chake.

Pa moyo wa a Isard ndikutolapo zinthu ziwiri. Choyamba n'chakuti funso looneka lachibwana litha kudya moyo wonse wa munthu wophunzira, ndipo moyowo sukhala wotayika. Makolo ambiri mwana akasankhidwa kukaphunzira jogalafe ku Zomba kapena ku Mzuzu amagwa nkhope, amati bola akadakhala dokotala kapena loya. Koma chipatala chikamangidwa tsidya la mtsinje womwe umadzaza miyezi itatu pachaka, dokotala wabwino amakhala yekha m'menemo, odwala ali kutsidya. Wina amayenera kuti adafunsa kuti "kuti?" njerwa yoyamba isadayalidwe.

Chachiwiri ndi chomwe otsutsa a Isard adanena, ndipo mayi anga aang'ono akuchidziwa bwino. Masamu ndi ofunika, koma ayambire pa zomwe anthu a pamalopo akudziwa. Von Thünen asadalembe buku adali mlimi wowerenga ndalama za ngolo yake. Omanga msika uja akadakhala pamphambano tsiku limodzi lokha, kuwerenga maminibasi oima ndi kufunsa amayi ogulitsa, sakadataya ndalama zawo. Paja safunsa adadya phula.

Pobwerera ndidagula tomato wa mulu umodzi, mayi adandiikira basera. Minibasi idaima pomwe paja, anthu anayi adatsika, atatu adagula. Tikudutsa kuseri kwa sukulu ndidasuzumira pawindo. Mbuzi zidali zikadali mumthunzi.