Za Pakhomo Pathu: Botolo la Uchi la pa Kasitolo

Nkhani yathu ya mwezi uno ndi yaing'ono, yokwana m'botolo limodzi. Koma inu nonse a kunyanja kuno mudziwa kuti mwera ukayamba kuomba m'miyezi ya Juni ndi Julaye, m'nyumba zambiri mumamveka kutsokomola usiku, ndipo kukacha mwana amatumidwa ndi kandalama m'manja kuti akafune uchi. Kandalamako kamachokera ku usipa kapena ku mpunga, sikatoledwa pansi. Chifukwa chake tiyenera kukambirana za chimene mwanayo abwera nacho.

Tsiku lina pobwerera kokaphunzitsa katekisimu tinapatuka pa kasitolo kena ka m'mbali mwa msewu uja wochokera ku Salima kunka ku Dwangwa. Mayi athu okalamba anali atagona masiku atatu ndi chifuwa. Pathandala, pakati pa sopo, mchere ndi machesi, panaima mabotolo asanu a uchi, mabotolo akale otsukidwa bwino, opanda pepala kapena dzina. Uchiwo unali wofiirira, wolemera, ndi tizidutswa ta phula titayandama pakhosi pa botolo. Tinapereka moni, ndipo tinafunsa kuti, "Mayi, uchi uwu ngwochokera kuti?" Iwo sanakwiye nalo funsolo. Anati, "Ngwa alongo anga, aphunzitsi. Ali ndi ming'oma kumtunda, kufupi ndi malire a nkhalango, ndipo anafula sabata yatha. Talawani." Natenga kaudzu, nakaviika m'botolo, natipatsa.

Tinafunsa chifukwa chaka chatha tinapusitsidwa. Mnyamata wina pamalo okwerera basi anatigulitsa botolo lalikulu pa mtengo wotsika, ndipo ife tinakondwa tokha kuti tachita mwai. M'katimo munali kachidutswa ka chisa ndi njuchi imodzi yakufa, zoikidwa ngati mboni. Patapita masabata atatu pamwamba panabwera thovu, fungo linasanduka la mowa, ndipo usiku wina chotsekera chinaphulika, nyerere nizipeza phwando. Anali shuga wophika ndi madzi, wosakaniza ndi uchi pang'ono. Akulu anati safunsa anadya phula. Ife ngakhale phulalo sitinalione lokwanira. Mnyamatayo sitinamuonenso, pakuti wogulitsa wa pa basi lero ali pano, mawa ali ku Nkhata Bay.

Komatu tisafulumire kuweruza, pakuti si uchi wonse wochita thovu umene uli wachinyengo. Timadzi timene njuchi zitenga m'maluwa tiri ndi madzi ambiri. Zikafika nato mu mng'oma zimatiika m'zisa, nizikupiza mapiko usana ndi usiku kufikira madziwo atachepa, osapitirira magawo 20 mwa magawo 100. Pamenepo zimamata pakamwa pa chisa ndi phula, ndipo uchi wotere ukhoza kukhala zaka osaonongeka. Munthu wosaleza mtima akafula zisa zisanamatidwe, kapena akafinyira pamodzi uchi ndi ana a njuchi, kapena akathira m'botolo lonyowa, uchiwo udzasasa ngakhale sanathiremo kanthu. Wotereyo sanabe, koma waononga nchito ya njuchi ndi ndalama ya wogula.

Anthu ali ndi njira zambiri zoyesera uchi. Ena amadonthetsa m'kapu ya madzi kuti aone ngati ufika pansi osasungunuka; ena amaviika machesi nayesa kuyatsa; ena amati uchi weniweni nyerere siziufuna. Izi za nyerere nzabodza, ndipo aliyense amene anasiyapo chisa pakhonde adziwa. Zoyesa zinazo zingakuuzeni kuti madzi achuluka, koma shuga wophikidwa mpaka kulimba amazipambana zonse. Pali cholakwa chinanso chimene chimapweteka ogulitsa okhulupirika: uchi ukagwirana pansi pa botolo ngati mchenga, ogula amati, "Taonani shuga uja!" Iai, uchi weniweni umatero mwa chibadwa chake, makamaka nyengo yozizira. Imikani botololo m'madzi ofunda, osati owira, ndipo udzasungunuka. Mtundu wakenso umatsata maluwa: wa m'mitengo ya mombo ndi mtondo sufanana ndi wa m'minda, ndipo kuda kwake sikutanthauza kuti ngwoipa.

Mabotolo a m'masitolo akuluakulu a ku Lilongwe amakhala ndi chizindikiro cha bungwe loyesa zinthu la Malawi Bureau of Standards, ndipo nchabwino kuchiyang'ana. Uchi wa pa kasitolo ka kwathu chizindikiro chotere ulibe. Chimene uli nacho ndi ichi: mayi aja mawa adzakhala pomwepo, Lamulungu tidzakomana nawo panjira, ndipo dzina la alongo ao ndi mudzi wao tiudziwa. Akatinyenga kamodzi, ataya mudzi wonse. Tsono funsani: anafula ndani, kuti, liti, ndipo anasefa bwanji? Wogulitsa woona amayankha msanga, ndipo amakulawitsani. Wozemba mafunso, musiyeni ndi botolo lake.

Nkhalango imene mayi aja anatchula ndi ya nyama ya Nkhotakota, imene mtsinje wa Bua upitamo, yaikulu pafupifupi masikweya kilomita 1,800. Mu 2015 boma linagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liziiyang'anira, ndipo mu 2016 ndi 2017 anabweretsamo njobvu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete, namanga mpanda wa waya wamagetsi. Tonse tidziwa kuti kale ambiri a m'midzi ya m'malire ankalowamo momwe afunira, kukatchera misampha, kukadula mitengo ndi kukafula njuchi za m'mphako. Njira zimenezo zitatsekedwa, mabanja ena anamva kuwawa, ndipo sitibisa. Imodzi mwa nchito zimene anthu a m'malire alimbikitsidwa kugwira m'malo mwake ndiyo kuweta njuchi. Njuchi sizidziwa mpanda: zimalowa m'nkhalango m'mawa, nizibwerera madzulo ku mng'oma wa munthu wosauka, popanda mlandu uliwonse. Botolo la pathandala lija tsono ndi yunifolomu ya mwana, ndi thumba la feteleza, ndi bambo amene sanamangidwe chifukwa cha nyama.

Pano tinene mau amodzi kwa oweta. Mng'oma wa makolo athu unali wa khungwa, ndipo pofuna khungwa lokwanira ankasenda mtengo mozungulira, mtengowo nuuma chiriri. Mtengo umenewo ndi womwewo umene maluwa ake adyetsa njuchi. Kale mitengo inali yosawerengeka ndipo anthu anali ochepa. Lero ziri mosiyana. Mng'oma wa matabwa, wokhala ndi timitengo toyalidwa pamwamba, umalola munthu kutukula chisa chimodzi chimodzi, kutenga zomatidwa zokha, ndi kusiya za ana. Utsi wochepa ukwanira. Muuni wa udzu woyaka umapha njuchi, umanunkhitsa uchi, ndipo ukatayidwa pansi mu Okutobala umatentha tchire lonse. Ku Kenya mayi wina wophunzira, Lucy King, anaonetsa kuti njobvu zimaopa njuchi, kotero kuti ming'oma yolumikizidwa ndi waya mozungulira munda imazibweza nthawi zambiri. A m'malire aganizirepo.

Tisachoke m'tchire tisanatchule nsadzu. Agogo athu ankatiuza kuti kambalame aka kamaitana munthu, kuuluka patsogolo pake mtengo ndi mtengo kufikira pa mphako ya njuchi, ndipo kuti ukakamana chisa chake, tsiku lina kadzakutsogolera kwa njoka. Tiri ku sukulu tinayamba kuziseka izi ngati nthano. Koma mu 2016 wophunzira za mbalame Claire Spottiswoode ndi anzake anasindikiza zimene anapeza poyenda ndi Ayao ofula njuchi m'nkhalango ya Niassa, kutsidya kwa nyanja yathu yomweyi, ku Mozambique. Alenjewo ali ndi kaitanidwe kao kamene nsadzu imakazindikira. Poitana motero, njuchi zinkapezeka maulendo 54 mwa 100. Popanga phokoso lina wamba, maulendo 17 okha. Munthu atenga uchi, mbalame nidya phula. Za njoka zija sitiikira umboni, koma pa zotsalazo agogo ananena zoona, ndipo ife ophunzira ndife tinachedwa.

Eklezia sanayambe wanyozapo njuchi. Yohane Mbatizi m'chipululu anakhalira dzombe ndi uchi wa kutchire. Ambrozio Woyera, episkopi wa ku Milan amene anamwalira m'chaka cha 397, ndiye nkhoswe ya oweta njuchi, ndipo timamkumbukira pa 7 Disembala. Mbiri yakale imati ali khanda njuchi zinatera pakamwa pake osamluma. Usiku wa Pasaka, nyimbo ya Exsultet m'Chilatini imatchula njuchi poyamika kandulo, ndipo mu 1904 akulu a ku Roma anagamula kuti kandulo ya Pasaka ndi makandulo a pa Misa akhale a phula la njuchi m'chigawo chake chachikulu. Nanga ife kuno titani nalo phula? Ambiri akafinya uchi amataya zotsala kudzala. Zisungunuleni m'madzi otentha, zisefeni pa nsalu, zizizire; phula lidzauma pamwamba ngati chikate chachikasu, ndipo limagulika.

Tsono za lamulo lachisanu ndi chiwiri. Wothira shuga kapena madzi mu uchi nautcha weniweni waba, monga wobera pa sikelo, ndipo kulapa kwake sikukwanira popanda kubweza. Izi ana a katekisimu adziwa. Chimene timaiwala nchakuti lamulo lomwelo limayang'ananso wogula. Mayi aja atatchula mtengo, pakamwa pathu panafulumira kunena kuti, "Wakwera, mayi, pa basi paja timagula ndi theka." Iwo anaseka nati, "Nanga uja wa pa basi munaumaliza, aphunzitsi?" Nkhani ya chotsekera chophulika inali itafika kale kwa iwo, pakuti pamudzi palibe chinsinsi. Tinachita manyazi. Tinali kuyerekeza thukuta la munthu amene anakwera mumtengo usiku, nalumidwa, nanyamula chidebe mtunda wautali, ndi mtengo wa mbala. Kutsitsana pa malonda si tchimo, koma kufinya mnzako chifukwa waona kuti ali pa usiwa ndi kanthu kena. Chimodzimodzi ngongole. M'kabuku ka kasitolo kotere mumakhala maina a Akristu amene anatenga katundu nyengo ya dzinja, nakolola, nagulitsa, nayamba kudzera njira ina popita ku tchalitchi.

Amayi, mverani ichi makamaka. Mwana wosakwanitsa chaka chimodzi asapatsidwe uchi, ngakhale kadontho pa chala, ngakhale uchiwo ukhale woona chotani. Mu uchi mukhoza kukhala timbeu ta kachirombo kosaoneka kamene m'mimba mwa munthu wamkulu sikachita kanthu, koma mwa khanda kamabala ululu wofoola thupi. Madokotala amautcha matendawo botulism. Mwanayo amaleka kuyamwa, khosi limalefuka, ndipo akhoza kulephera kupuma. Kwa ana okulirapo ndi akulu, supuni ya uchi m'madzi ofunda imafewetsa pakhosi ndi kuchepetsa kutsokomola usiku. Koma chifuwa chopitirira masabata awiri, makamaka ngati munthu akuonda ndi kutuluka thukuta usiku, chipite kuchipatala kukayezedwa chifuwa chachikulu. Uchi suchiza chimenecho. Odwala matenda a shuga akumbukire kuti uchi nawo ndi shuga.

Tinalipira mtengo wonse. Mayi aja anakulunga botololo m'pepala, natipempha kuti uchi ukatha tidzabweze botolo, pakuti mabotolo abwino asowa ndipo alongo ao adzafulanso mvula ikamayandikira. Kunyumba mayi athu anamwa ndi madzi ofunda ndi ndimu. Anati ngwabwino, koma ulibe kafungo ka utsi kamene unali nako uchi wa bambo ao, ndipo sitinathe kudziwa ngati akuyamika kapena akudandaula. Anagona bwino usiku umenewo, ndipo Lachisanu lake tinapita nawo kuchipatala kuti akawapime ndithu. Botolo tabweza dzulo, ndipo tatumiza mau kumtunda kuti phula la ulendo uno asataye. A bungwe la amayi a pa tchalitchi chathu afuna kuyesa kuumba makandulo awiri a pa guwa isanafike Khirisimasi.